Ndinafuula Kuti Wakuba pa Loja ya ku Malowera

Ana anga, Rosa, Fernando ndi iwe Marta wotsiriza, mwakhala mukundifunsa za zipsera zili kumsana kwangazi, ndipo nthawi zonse ndinkayankha kuti n'za nkhondo. Ndinkakunamizani. Popeza maso ayamba kuchita nkhungu ndipo dzanja silikugwiranso cholembera monga kale, ndati ndilembe zoona zake ndisanaiwale. Za ubwana wanga ndizisiya, pakuti sizisiyana ndi za aliyense wobadwira kuno ku Maravia: mbuzi, munda, ndi zaka zinayi za shikola, ndiye kuti sukulu. Ndiyambira pa ntchito.

1973, ku Fingoe

Ndinayamba ntchito ndili ndi zaka makumi awiri, pa kantina, sitolo ya Mpwitikizi wina. Dzina lake sindilemba. Tonse tinkangoti patrau, ndiye kuti bwana. Ananditenga chifukwa ndinkamva Chipwitikizi pang'ono, komanso chifukwa ndinali wamtali. Utaliwo ndi umene ankaufuna kwenikweni. Tsiku loyamba anandiimika pafupi ndi khomo, pamene ndinkatha kuona m'nyumba monse, nati, "Usamayang'ane nkhope zawo. Uziyang'ana manja." Imeneyo ndiyo inali ntchito yanga kwa zaka ziwiri. Katundu yense, mchere, nsalu, machesi, singano ndi mafuta a nyale, ankakhala kuseri kwa balakau, thebulo lalitali la matabwa lodutsa pakati pa nyumbayo. Wogula ankangoloza ndi chala. Mayi akaiwala n'kutambasula dzanja kuti akhudze kapulana, aone ngati nsaluyo ndi yolimba, patrau ankamumenya zala ndi ndodo yoyezera nsalu, osakwiya n'komwe, ngati akuthamangitsa ntchentche.

Tsiku lina kunabwera malume anga aMwale, mlongo wawo wa agogo anu aakazi, amene anandilipirira shikola. Anayenda ulendo wa tsiku lathunthu kudzagula mchere, koma makamaka kudzandiona ndili pa ntchito. Anavala malaya awo a kutchalitchi, thumba la chikopa cha mbuzi lili paphewa. Malumewo akutuluka, patrau anandikodola kuti ndifufuze m'thumbalo. Ndinati, "Patrau, awa ndi malume anga." Iye anayankha kuti, "Ndiye iwe ukudziwa bwino kumene amabisa." Ndinakhuthula thumbalo pansi anthu akuona. Munatuluka fodya, mpeni waung'ono, ndi mbatata ziwiri zootcha zokulunga m'masamba. Malume sanandiyang'ane mwaukali. Anangoti, "Mbatatazo n'zako, mwana wa mlongo wanga. Tola, zalowa fumbi." Anatola fodya ndi mpeni wawo n'kumapita. Sanapondenso pa kantinapo.

1975 mpaka 1979

Ufulu utabwera patrau anakweza katundu wake pa kamiyau, galimoto lalikulu la katundu, n'kulowera ku Tete. Nyumbayo inakhala yotseka miyezi ingapo, kenaka inatsegulidwa monga loja, sitolo ya boma. Anandiitana chifukwa ndinkadziwa sikelo ndi kuyeza nsalu. Mkulu wathu woyamba anali aTembo, munthu wamfupi wotsimphina, amene anakhala zaka zambiri m'tchire pomenyera ufulu. Atapeza ndodo ija kuseri kwa chitseko anandifunsa ntchito yake. Nditawauza zonse ziwiri, yoyezera ndi yomenyera, anadula ndodo yatsopano yoyezera, yakaleyo n'kuiponya pamoto. Anandichotsa pakhomo n'kundiika kuseri kwa balakau. Anati, "Kamarada Julio, aliyense wolowa muno ndi mwini wake wa loja. Mwini nyumba sam'fufuza m'thumba."

Amayi anayamba kugwira nsalu, kuikoka, kuinunkhiza, kuiyang'ana padzuwa. Sindikunamizani kuti palibe chimene chinkasowa. Singano zinkasowa, nthawi zina machesi. Ndikawauza aTembo ankati, "Singano ikatayika ibwera ina. Munthu ukamuchititsa manyazi sabweranso." Zimenezo zinali zaka zanga zabwino koposa pa ntchito. M'zaka zomwezo ndinakwatira amayi anu, aNaphiri, ndipo iwe Rosa unabadwa. Ndinkadziona ngati munthu amene wasambitsidwa, ndipo ndinkaganiza kuti za pakhomo la patrau zija zinandichoka. Zinali zitangogona.

1980 mpaka 1983, ku Malowera

Anandisamutsira ku Malowera, ku loja yaing'ono ya chipinda chimodzi ndi kosungira katundu kuseri. Mkulu wa kumeneko tinkamutchula kuti shefi Armando. Anali wochokera kumzinda, wosamva bwino chilankhulo chathu, wovala nsapato zowala ngakhale m'fumbi la mwezi wa Okutobala. Ankaona ngati kumutumiza kwathu kuno n'kumulanga, ndipo mkwiyo wakewo unkagwera ogula.

Katundu anayamba kuchepa. Poyamba kunasowa shuga, kenaka mafuta a nyale, kenaka nsalu, mpaka amayi ena ankavala masaka. Mvula inakana zaka zotsatizana, anthu n'kumakumba mizu m'tchire. Kamiyau inkabwera mwa apo ndi apo, ndipo ikangomveka kulira kutali anthu ankasiya makasu m'munda n'kuthamangira pa bicha, mzere wautali woyembekeza kugula. Ena ankaika mwala pamzerepo kuti uwasungire malo, ndipo anthu akuluakulu ankamenyana chifukwa cha mwala.

Apa ndiyenera kunena za ine mwini, chifukwa sindingamukankhire shefi zonse. Munthu ukakhala kuseri kwa balakau m'nthawi ya kusowa, anthu amakuweramira. Achikulire ankandipatsa moni ndili patali, ena ankandibweretsera mazira kunyumba kuti ndiwakumbukire tsiku la mchere. Mutu unakula. Ndinayamba kulowetsa anthu asanuasanu, n'kumafuula kuti, "Manja pa balakau, ndiwaone!" Potuluka amayi ankayenera kumasula kapulana wapamwamba n'kumukutumula. Wofunsa funso ndinkamuyankha kuti, "Ngati simugula, tulukani, muno si pa bwalo la milandu." Palibe anandiphunzitsa mawu amenewa. Ankangotuluka okha, ndipo ndinkawamva kukoma. Amayi anu anandiuzapo tsiku lina kuti kuchitsime akazi amasiya kulankhula iwo akafika. Ndinati n'kaduka chabe.

M'chaka cha 1983, iwe Fernando uli ndi masabata atatu, kamiyau inabweretsa sabawu, sopo wochapira, woyamba kumuona patapita pafupifupi chaka. Anthu nthawi imeneyo ankachapa ndi phulusa ndi mizu. Titamaliza kutsitsa, dzuwa litapendeka, shefi anandiuza kuti ndinyamule bokosi limodzi ndikalisiye kunyumba kwake, ati kosungira katundu kwathu kuli chinyontho. Kunalibe chinyontho, mvula inali isanagwe miyezi yambiri. Ndinkadziwa kuti bokosilo liwoloka malire kupita ku Zambia, kukasinthanitsidwa ndi zinthu zina. Ndinalisenza pamutu n'kudutsa nalo pamsewu. Nditalitula, shefi anatulutsamo mtanda umodzi wa sabawu n'kundipatsa. Anati, "Mkazi wako ali ndi khanda." Ndinalandira ndi manja awiri.

M'mawa mwake tinayamba kugulitsa. Koma anthu anali ataona mabokosi akutsitsidwa, ndipo sabawu atatha dzuwa lisanafike pamutu, bicha ikadali yaitali, kunabuka phokoso. Sekeretariyo wa deralo, amene ankayang'anira milandu ndi misonkhano, anatumiza munthu kudzafunsa chimene chachitika. Shefi sanachedwe. Anati atibera ndi anthu omwewa, amalowa n'kumapatsirana pazenera. Anatseka chitseko anthu ali m'kati n'kundilamula kuti ndiwafufuze mmodzimmodzi.

Mwa anthuwo munali aNabanda, mayi wamasiye wa msinkhu wa amayi anga, amene ankaumba miphika n'kumasinthanitsa ndi chakudya. Mphika umene amayi anu ankatungira madzi unali woumba iwo. Ndinaona kuti akugwirira nsonga ya kapulana wawo, pamene panali mfundo. Ndinawagwira pamkono mwamphamvu n'kumasula mfundoyo. Panagwa kachidutswa ka sabawu kakang'ono ngati zala ziwiri. Ndinafuula kuti, "Wakuba uyu! Ndamupeza wakuba!" Ndinafuula mokweza kuti ndi amene anali panja amve. Ndikuuzeni chifukwa chake: mtima wanga unapepuka, poona kuti mlandu wapeza mutu wina woti ugwerepo.

ANabanda sanalire. Anati, "Bambo a Rosa, tamuyang'anitsitsani. Ameneyo si wanu." Ndinatola. Anali wobiriwira ndi wonunkhira, pamene wathu anali wofiirira, wopanda fungo. Anapitiriza kuti, "Anandipatsa ndi mwana wanga wamkazi wokwatiwa kutsidya, ku Zambia. Ndimayenda naye chifukwa m'nyumba makoswe amadya." Ndisanatsegule pakamwa shefi anandilanda kachidutswako n'kukaika m'thumba la malaya ake. Amene tinakaona pafupi tinali awiri okha, iye ndi ine. Amilisiya, alonda a boma a m'deralo, anabwera n'kuwatenga aNabanda, ndipo podutsa nawo pa bicha anthu a njala ndi otopa aja anawakuwiza. Wina anawaponyera fumbi. Anawatsekera m'kanyumba kuseri kwa ofesi kuti mlandu udzakambidwe mkuja. Masiku amenewo wopezeka ndi mlandu wakuba katundu wa boma ankakwapulidwa ndi shamboko pagulu. Kwa mayi wachikulire wosadya mokwanira, zikotizo zikanatha kumupha.

M'mawa wotsatira ndinapeza amayi anu kuseri kwa nyumba akuchapa matewera ako, Fernando. Thovu linali mbuu m'beseni. Nkhani anali ataimva kale. Osadzutsa mutu anati, "Bambo a Rosa, sabawu ali m'manja mwangayu wachokera kuti?"

Ndinati, "Tsitsani mawu, aNaphiri."

"Ndakufunsani funso."

Ndinawauza zonse, za bokosi ndi za kachidutswa kobiriwira kaja. Kenaka anatsukuluza manja, anathyola tsamba la nthochi, anakulungamo sabawu wotsalayo n'kundiikira pamwendo. Anati, "Mwana wanga sindimuchapira ndi zikoti za aNabanda. Phulusa lilipo."

Ndinapsa mtima, chifukwa cha mantha. Ndinati, "Mukudziwa chimene andichite ndikalankhula? Ntchito itha. Mwina andikwapula. Mwina anditumiza kutali kuja kumene anthu amapita osabwerako. Mudzadya chiyani ndi ana awiri m'chaka ngati chino?"

Anati, "Ndikudziwa, ndipo ndikuopa kuposa inu. Koma mayi uja akafa, ine ndidzatunga madzi ndi mphika wake tsiku ndi tsiku. Inu mudzamwa madziwo?"

Masana ndinapita kwa shefi kukayesa njira yapafupi. Ndinamupempha kuti anene kuti tinalakwitsa, mayiyo amasulidwe mwakachetechete. Anandiseka. Anati, "Ndiye sabawu anapita kuti? Tamvera, Julio. Bokosi lija analisenza ndani? Pamsewu anthu anaona ndani, ine kapena iwe?" Ananena zoona. Ndinatuluka ndikudziwa kuti palibe njira yowapulumutsira aNabanda popanda kudzipereka ndekha. Nthawi yotsala ya tsikulo ndinalima m'dimba louma lopanda cholimamo, kuti manja akhale ndi chochita. Ndinaganiza zothawira kutsidya, ndinaganiza zodwala dala. Sindingakuuzeni kuti ndinagona nditatsimikiza mtima. Ngakhale m'mawa wa mlanduwo, poika kaphukusi ka tsamba kaja m'thumba, sindinkadziwa ngati ndikatulutse.

Mlandu unakambidwa pansi pa mkuyu waukulu pafupi ndi ofesi. Anthu anadzaza. Sekeretariyo anakhala pa meza, ndiye kuti thebulo, amilisiya awiri ali chilili, shamboko ili poonekera. ANabanda anawakhazika pansi pakati pa bwalo, miyendo yotambalala, maso ali pa zala zawo. Popeza shefi ankalankhula Chipwitikizi, womasulira anali ine. Motero mabodza ake onse ankayenera kudutsa pakamwa panga. Ndinamasulira kuti katundu wa anthu wabedwa. Ndinamasulira kuti adani a dziko si a m'tchire okha, ena ali pakati pathu. Kenaka shefi anati mayi uyu anagwidwa ndi sabawu wa m'loja, ndipo kamarada Julio ndi mboni. Anaima kuti ndimasulire. Bodza limenelo sindinalimasulire. Sekeretariyo anati, "Masulira, kamarada." Ndinayang'ana kumene kunakhala akazi, ndipo ndinaona amayi anu ali ndi iwe Fernando kumsana, akuyang'ana pansi.

Ndinatulutsa kaphukusi kaja n'kukaika pa meza. Mawu ananditulukira aang'ono, moti a kumbuyo sanamve. Ndinati, "Sabawu wa m'loja ndi uyu, ndipo anali kunyumba kwanga. Wa mayi awa anali wobiriwira, si wathu. Bokosi losowalo ndinalisenza ndine kupita nalo kwa shefi." Sekeretariyo anandiuza kuti ndibwereze m'Chipwitikizi, ndipo ndinabwereza. Shefi analumpha nati ndine wabodza, wakuba ndine, iye sanandituma kanthu. Atamufunsa kachidutswa kaja anati katayika. Amilisiya anapita kunyumba kwake koma bokosi sanalipeze, linali litawoloka kale. Amayi awiri anaimirira n'kunena kuti anandionadi ndikudutsa ndi bokosi pamutu, koma kumene ndinalowa nalo sanaone.

Sekeretariyo sanali munthu wopusa. Ndikhulupirira kuti anaona zonse, koma shefi anali ndi anzake kumzinda, ndipo umboni umene unalipo unali wa ine ndekha. Anagamula kuti aNabanda alibe mlandu, apite kwawo. Ine, chifukwa ndinaulula ndekha, sanditumiza kutali, koma ndilandire zikoti khumi ndipo ndichoke ku Malowera. Anandigoneka chafufumimba pansi pa mkuyu womwewo, pamaso pa anthu amene ndinkawafuulira kuti aike manja pa balakau. Palibe anaseka, palibenso anandimvera chisoni mokweza. Zipsera zija n'zimenezo.

Anthu atayamba kubalalika, ine ndikadali pansi amayi anu akundithira madzi kumsana, aNabanda anabwera n'kuima pafupi ndi mutu wanga. Ndinkangoona mapazi awo. Ndinayembekeza kuti mwina athokoza, ndipo ndichita manyazi kulemba kuti ndinayembekeza zimenezo. Anati, "Bambo a Rosa, lero mwachita bwino. Koma dzana munafuula, lero mwanong'ona. Amene anamva kufuula ndi ambiri." Atatero ananyamuka.

1984 mpaka 1986, ku Chiputo

Anandisamutsira ku loja ya boma ya ku Chiputo, kumene ankatumizako munthu kuti aiwalike. Mvula ikayamba msewu unkatha, ndipo kwa miyezi sitinkaona galimoto. Ndinali ndekha, mkulu ndi wogulitsa yemwe. M'mashelefu munali mabotolo a nyale opanda mafuta ndi zingwe za nsapato, m'dera limene anthu ankayenda opanda nsapato. Chitseko ndinkachisiya chotsegula, ndipo achikulire ankalowa kudzakhala pamthunzi. Musaganize kuti ndinasanduka woyera mtima. Kukhulupirira anthu m'loja mopanda katundu n'kosavuta. Mayeso anabwera kamodzi kokha, pamene tinalandira matumba awiri a mchere. Ndinayeza ndi kachitini anthu atadzaza m'kati, ndipo ndinaona dzanja la bambo wina likulowa m'thumba n'kutuluka lofumbata. Mawu aja anakwera mpaka pakhosi. Ndinawameza. Anthu atachepa ndinamuitanira pambali n'kumufunsa. Anati mkazi wake watupa miyendo ndipo chakudya chopanda mchere chikumukana. Anafuna kubweza. Ndinamuuza kuti akabweretse nkhuni za pa loja, tithane.

Nkhondo inatipeza kumeneko. Anthu a mfuti anafika m'mawa wina, anatenga chimene anapeza, natentha loja ndi nyumba zoyandikana nayo. Wogwira ntchito ya boma akagwidwa masiku amenewo sankasiyidwa wamoyo, choncho tinathawa ndi zovala za m'thupi. Tinayenda masiku anayi m'tchire, Rosa ali paphewa panga, mpaka tinawoloka kulowa m'Zambia. Za moyo wa kumsasa wa othawa nkhondo, kumene iwe Marta unabadwira, amayi anu amazifotokoza bwino kuposa ine. Za shefi Armando ndinangomva kuti anabwerera kumzinda nkhondo isanafike ku Malowera. Sindinamuonenso.

1994

Titabwerera kwathu ndinapeza ntchito pa loja ya wamalonda wina ku Fingoe, kumene ndinakhala mpaka kupuma. Koma ndisanayambe ndinabwereka njinga n'kupita ku Malowera. Loja ija inali makoma okhaokha, mtengo utamera pamene panali balakau. Nkhope zambiri zinali zachilendo. Ndinafunsa mayi wina amene ankasenza nkhuni kumene kuli kwa aNabanda oumba miphika. Anaganiza pang'ono, nati, "Oo, mukunena mayi anaba sabawu uja?" Anali wamng'ono moti pa nthawi ya mlanduwo ayenera kuti anali mwana. Sananene mwa chipongwe. Ankangondithandiza kudziwa munthu amene ndikumufuna. Anandilozera njira.

Pakhomopo ndinapeza bambo wa msinkhu wanga akufolera denga. Anali aTomasi, mwana wamwamuna wa aNabanda, amene pa nthawi ya mlandu ija anali ku usilikali. Anatsika, anandipatsa mpando ndi madzi. Nditatchula dzina langa anandiyang'ana nthawi yaitali. Anati, "Amayi anandiuza nkhani imeneyo. Koma ine ndinkaona ngati anali anthu awiri. Ndinu amene munafuula, kapena amene munaimirira pa mlandu?"

Ndinati, "Ndine yemweyo."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anandiuza kuti amayi ake anamwalira nkhondo ili pakati, ndi matenda a m'chifuwa. Anati, "Kuchokera tsiku lija sanalowenso m'loja iliyonse. Akafuna mchere ankatuma anthu. Miphika anapitiriza kuumba, koma ankaisiya pakhomo, osayendanso nayo m'midzi. Ankati safuna kuona anthu akusuntha zinthu zawo iwo akamafika."

Ndinapempha kuti andionetse pamene anagona. Anati anawaika m'mphepete mwa munda, chifukwa masiku amenewo anthu sankayerekeza kuyenda mpaka kumanda. Tinapita. Panali mulu wa dothi womera udzu, ndi phale la mphika kumutu. Tinazula udzuwo ndi manja, iye mbali ina ine mbali ina, mpaka panayera.

Mawa lake linali Lamulungu. Ndinapempha mkulu wa mpingo kuti mapemphero akatha andilole kulankhula. Tchalitchi chinali chopanda denga, anthu atakhala pa zipika. Ndinaimirira kutsogolo, ndipo ulendo uno ndinakweza mawu mpaka a panja anatembenuka. Ndinati dzina langa ndine Julio Mwanza, ndinkagulitsa pa loja ya pano. Ndinati aNabanda, amayi a aTomasi, sanabe sabawu kapena kanthu kena kalikonse. Amene ananyamula sabawu ndine, ndipo amene anawanamizira ndine. Ndinapempha kuti aliyense amene wamva akauze amene sanabwere, ndiponso ana. Mwa anthu amene analipo tsiku la pa bicha lija, ndinazindikira anayi okha. Ena anafa, ena anali asanabwerere. Gogo wina anati, "Tamva." Ambiri anangondiyang'ana, chifukwa aliyense pamenepo anali ndi maliro ake a nkhondo, aakulu kuposa nkhani ya sabawu.

Dzuwa litapendeka ndinatsanzika. ATomasi sananene kuti andikhululukira, ndipo ine sindinapemphe, pakuti mwini wake wokhululuka anali atagona m'mphepete mwa munda muja. Ndinagwira njinga kuti ndikwere, koma iwo anaigwira chiwongolero n'kuyamba kuikankha okha. Anandiperekeza kudutsa midzi iwiri, anthu akutiona, mpaka pamtsinje. Pamenepo anandibwezera njinga nati, "Muyende bwino, bambo a Rosa. Mukapereke moni kwa mayi kunyumba. Amayi anga ankawatchula kawirikawiri."